Khadi ija yafika, koma khutu lamanzere landisowetsa mtendere

Lunzu,
Lachitatu usiku.

Aise,

Envelopu ija inandipeza. Mlamu wako wa ku Machinjiri ndiye anabwera nayo, patatha masabata awiri chitsikireni basi, ndipo anayamba wandifotokozera mitengo ya mabulangete ku Joni mpaka tiyi kuzizira asanakumbukire kuti ali ndi katundu wanga m'thumba la jekete. Kalata yako ndaiwerenga katatu. Zaka zinayi uli chete, ndiye n'kundilembera mizere isanu ndi iwiri basi, ngati lisiti la m'golosale! Bola kamemore khadi unamata ndi selotepi pakona paja, ndiko kakupulumutsa. Ndawerenga, muli zimbale 31. Pofika lero ndamvera 14.

Lamulo lako lija ndikulisunga, loti chimbale chilichonse ndichimvere kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumpha nyimbo. Nthawi ndili nayo yambiri chifukwa magetsi akuthima m'mawa uliwonse. Akangopita, chigayo chimati zii, amayi amandandalika zidebe zawo pamzere n'kukakhala pansi pa mango uja, ine ndimakhala pathumba la madeya kuseri kwa mota, mahedifoni m'makutu. Ndalama sizikulowa, koma zimenezo tisiye kaye.

Ndinayamba ndi Graceland chifukwa ndinkaidziwa kale. Ukukumbuka kaseti ya malume ako ija, imene tepi yake inkakodwa m'wailesi, iwe n'kumaibweza ndi bolopeni lilime lili panja? Nthawi imeneyo tinkangovina. Pano ndamvera nditakhala pansi, ndipo ndikuuze zoona, Paul Simon si amene amandigwira mtima pa chimbale chimenechi. Mawu ake ndi abwino, inde, koma ndi opyapyala. Amene amandigwira ndi anthu ali kumbuyo kwake. Besi ya Bakithi Kumalo imayenda ngati munthu wonenepa amene amadziwa kuvina, ikutsetsereka m'malo moponda. Ladysmith Black Mambazo akayamba popanda chida chilichonse, tsitsi limayima. Ndiye pali gitala ya Ray Phiri. Dzinalo lokha likuuze kanthu. Munthuyu anabadwira kufupi ndi Nelspruit mu 1947, koma bambo amene anamulera ndi kumuonetsa gitala anali wochokera kwathu kuno, mmodzi wa anthu opita kukasaka ntchito ngati iwe. Pa mizere yako isanu ndi iwiri ija, umodzi unali wodandaula kuti kumeneko amakutchulani mayina onyoza m'mateksi. Zinandiwawa. Ndikamamva gitala imeneyo ikudumphadumpha mwaukhondo, ndimaganiza kuti dziko lonse linavina zala za mwana wa m'nyumba ya Mmalawi, ndipo ambiri mwa amene amakunyozaniwo analira pamene anamwalira mu 2017. Anthu anakangana kwambiri chifukwa Simon anakajambula ku Johannesburg mu 1985, pamene oyimba a mayiko ena anali atagwirizana zosapondako phazi chifukwa cha tsankho. Mkanganowo ndimaumvetsa. Koma mu 1987 anakayimba ku bwalo la Rufaro mu Harare pamodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, anthu amene tsankho lomwelo linawathamangitsa kwawo, ndiye ine wa pachigayo sindingaweruze kuposa iwowo.

Chachiwiri chinali Kind of Blue cha Miles Davis, ndipo tsiku loyamba ndinakukwiyira. Ndinadikira kuti wina ayambe kuyimba, mphindi zisanu, khumi, nyimbo yoyamba n'kutha, palibe watsegula pakamwa. Nyimbo zisanu zokha, mphindi zopitirira 40, zida zokhazokha. Ndinati mnzangayu Joni yamusokoneza mutu. Kachiwiri ndinagona pakati. Kachitatu kanali usiku, anthu onse atagona, kamvula kakuwaza pamalata, ndipo china chake chinatseguka. Lipenga la Miles silithamanga. Amaliza kamodzi n'kusiya mpata, ngati mkulu wa pabwalo la milandu amene amadziwa kuti palibe amudule mawu. John Coltrane akalowa ndi sakisofoni amalankhula zambiri, ngati munthu amene wasunga nkhani chaka chonse. Anajambula mu 1959 ku New York, masiku awiri okha, ndipo ukamvetsetsa umamva kuti anthuwa akumverana pompopompo, wina akudikira mnzake amalize. Ndachimvera kasanu ndi kamodzi tsopano.

Chimbale chimenechi ndi chimene chandiululira vuto. Pa kajambulidwe kake, zida zina anaziika kumanzere, zina kumanja. Usiku umenewo ndinaona kuti piyano ikumveka kutali kwambiri, ngati ikuyimbidwa kunyumba ya aneba. Ndinati ndi mahedifoni a pamsikawa. Ndinawatembenuza, lakumanja ndinaika kumanzere. Piyano inabwera pafupi, yoyera bwinobwino, koma tizitsulo ta ng'oma tija timati tsi-tsi-tsi tinasowa. Ndinatembenuzanso. Ndinabwereka a mwana wanga wamkazi, chimodzimodzi. Aise, si mahedifoni. Ndi khutu langa lamanzere.

Kuyambira tsiku limenelo sindikugona bwino. Ndazindikira kuti m'khutumo mumalira kanthu ngati nyenje ya mwezi wa Okutobala, usana ndi usiku, ndipo mwina yakhala ikulira kwa zaka koma phokoso la chigayo linkaibisa. Zaka 17 ndakhala ndikuyima mbali imodzi ya makina, mota ili kumanzere kwanga, ndikuthira chimanga ndi dzanja lamanja. Mlamu wako wa kunyumba kuno akuti n'chifukwa chake ndimakweza wailesi mpaka aneba kudandaula, ndipo akuti akandiitana ali kukhitchini ndimatembenukira kolakwika. Anali asanandiuzepo. Ndimagona chakumanja tsopano kuti ndiyese: khutu labwino likakhala pa pilo, tambala wa aNgozo sindimumva. Tambala uja amadzutsa mudzi wonse!

Ndinapita pakachipatala kena. Anandiunika ndi tochi kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, anati ndi phula la m'khutu, anandipatsa mankhwala odonthezera. Ndadonthezera masabata awiri, botolo latha, nyenje ikadalipo.

Ukudziwa chimene chikundiopsa. Abambo anga unawaona. Anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, ndisanabadwe, anabwerako ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anzawo oposa 70, a Kamuzu ataletsa zopita kumeneko. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, chipewa, gumbagumba, ndi makutu amene makina obowola miyala anali atayamba kale kuwadya. Ndiye pamene ndinapeza Jim Reeves pakhadi pako ndinakhala kaye tsiku lathunthu osatsegula. Iwe unaika mwina pofuna kundiseka kuti ndimakonda nyimbo za madala. Koma mbale za Jim Reeves ndi zimene abambo anabwera nazo. Munthuyo ankakondedwa kwambiri kumeneko, anakayimbako mu 1962, mpaka anajambula nyimbo zina m'Chiafrikaans, asanafe pa ngozi ya ndege mu 1964. Lamlungu tikachoka ku tchalitchi abambo ankatulutsa gumbagumba pakhonde, n'kupukuta mbale ndi kansalu kofewa kamene ife sitinkaloledwa kukakhudza. Chaka ndi chaka ankakweza pang'ono. Pomaliza, mabatire atsopano, mawu mpaka kumapeto, iwo ankangoika chikhatho pa sipika kuti amve kunjenjemera. Nkhope yawo ili phee. Ine ndinali mwana, ndinkaganiza kuti akuyesa ngati yatentha.

Nditalimba mtima n'kutsegula, mawu aja otsika, osalala ngati mafuta, anandibwezera pakhonde paja. Ndinalira kuseri kwa mota, mayi wina wodzagayitsa anandiona, anandifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Sindinachimalize chimbale chimenecho. Ndi chokhacho chimene ndaswa lamulo lako.

Tsono ndiwe munthu wotani iwe, kuika Black Sabbath pafupi ndi Jim Reeves? Ndinachoka m'misozi n'kugwera m'chigumula. Paranoid, 1970. Poyamba ndinati awa ndi anthu olusa opanda chifukwa. Koma pa nyimbo yachitatu kapena yachinayi ndinazindikira kuti phokosoli ndikulidziwa. Ndi la kuntchito kwanga. Gitala ija imalemera ngati chigayo chokonola chikameza chimanga chambiri nthawi imodzi, mota n'kubuula isanabwerere m'malo mwake. Mwana wanga anandiwerengera pa intaneti kuti anyamatawa anali a ku Birmingham, mzinda wa mafakitale, ndipo woyimba gitala, Tony Iommi, makina odula zitsulo anamudula nsonga za zala ziwiri ali ndi zaka 17, tsiku lake lomaliza pantchito. Anasungunula botolo la pulasitiki n'kupanga tizisoti tovala kuzalako, n'kumayimba choncho. Pambuyo pake anafewetsa nsambo kuti zisamamupweteke, ndipo kulemera kwa gitala yake kunawonjezekera pamenepo. Ndinakumbuka aChisale, mmene lamba anawatengera chala chamkombaphala chaka chija, ndi mmene anaphunzirira kumanga matumba ndi zala zinayi. Sindinganene kuti chimbalechi ndachikonda ngati cha Miles, ndipo mawu a Ozzy Osbourne amandilasa m'mutu, koma ndachilemekeza. Vuto n'lakuti ndinachimvera mokweza, ndipo usiku wake nyenje inalira kuposa kale. Chala munthu angachipangire chisoti cha pulasitiki. Nanga khutu ndilipangira chiyani?

Ndikuwerengera, aise. Ngati lamanzere lapita m'zaka 17, lamanja latsala ndi zingati? Ntchito ina sindiidziwa. Fizi ya ana ikuchokera m'phokoso lomweli. Ndikamayang'ana mndandanda wako, zimbale 17 zimene zatsala, ndimayamba kufulumira ngati munthu wokolola mvula ikubwera. Kenako ndimadziletsa, chifukwa kumvera mothamanga si kumvera. Kenako ndimaganiza za adzukulu amene sanabadwe, kuti kodi mawu awo ndidzawamva, kapena ndidzangoona milomo ikuyenda ngati mmene abambo ankationera ife. Ndimaganiza za kwaya ya kutchalitchi, kuti mwina ndakhala ndikuyimba mophonya kwa zaka anthu n'kumangondichitira ulemu. Lamlungu lapitali sindinapite kutsogolo, ndinakhala kumbuyo.

Mahedifoni ndagula katatu mwezi uno. A pamsika wa Lunzu waya wake umaduka pakhosi pomwe sabata isanathe, ndipo mnyamata wogulitsayo sabweza ndalama. Makoswe adya matumba asanu ndi limodzi. Sefa yang'ambika, yatsopano mtengo wake wakwera kawiri chaka chino chokha, ndipo ufa ukatuluka wokhakhala amayi amanyoza ine osati sefa. Mwana wamng'ono uja anatenga foni kuti asewere gemu, n'kufufuta foda yonse ya Fela Kuti ndisanamvereko ngakhale nyimbo imodzi, ndiye ukadzapeza wobwera kuno unditumizirenso. Za aNachisale unamva kale, tinaika Loweruka lapitalo, anthu anali ambiri. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Chaja ya foni nayonso yayamba kuvuta, imafuna uyigwirizire ndi mwala kuti ilowetse moto.

Koma ndikuuzeko chimene chinandisangalatsa. Mzungu wa piyano uja wa ku Canada, Glenn Gould, akuyimba nyimbo za Bach zotchedwa Goldberg Variations. Unaika chimene anajambula mu 1981, chaka chimodzi asanamwalire ali ndi zaka 50, osati chija cha unyamata wake cha 1955. Chimayamba pang'onopang'ono kwambiri, ngati munthu akuyenda mumdima m'nyumba imene ana agona. Ndili pakati pomvera ndinamva munthu akung'ung'udza chapansipansi. Ndinavula mahedifoni, ndinayang'ana m'chigayo monse, munalibe munthu. Ndinavalanso, uyo akung'ung'udzanso. Mtima unagunda, ndinati tsopano khutu layamba kundinamiza. Madzulo ndinamupatsa mwana wanga kuti amvere, anati, “Adadi, ndi iyeyo woyimbayo, amang'ung'udza akamayimba.” Akuti ojambula ankayesetsa kubisa koma ankalephera. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama. Kamawu kakang'ono chotero, kobisala pansi pa piyano, ine ndinakamva! Ndiye kuti zonse sizinapite. Ndipo ndinamukonda munthuyo chifukwa cha kung'ung'udzako, chifukwa amayi anga nawonso sangasinje popanda kung'ung'udza. Nyimbo yoyamba ija imabweranso kumapeto kwenikweni, yomweyo, koma ukaimva kachiwiri utadutsa zonse zapakati imamveka ngati munthu wobwera kuchokera kuulendo wautali.

Zina ndidutsepo msanga. Exodus ya Bob Marley ndinkaganiza kuti ndikuidziwa, koma ndinkadziwa nyimbo zake payekhapayekha za m'minibasi. Ukamvera yonse motsatana umaona kuti theka loyamba ndi la munthu wokwiya ndi wothawa, theka lachiwiri la munthu amene wayamba kupuma, ndipo n'zomveka, popeza anaijambulira ku London mu 1977 atapulumuka zipolopolo kunyumba kwake ku Kingston mu Disembala 1976. Mario ya Franco inavinitsa mlamu wako ali ndi chipande m'manja, nsima inatsala pang'ono kupserera. Tuku Music ya Oliver Mtukudzi ilibe nyimbo yotaya ngakhale imodzi, ndipo kakhosomole kake kaja ndimakadikira ngati moni. Buena Vista Social Club ndi madala okoma, makamaka Ibrahim Ferrer amene ankapukuta nsapato ku Havana asanamuitane kukajambula mu 1996, koma pakati pake ndinatopa, nyimbo zinayamba kufanana. Amanaz a ku Zambia aja, chimbale cha Africa cha 1975, anandidabwitsa. Sindinkadziwa kuti anzathu a ku Copperbelt ankaliza magitala olira mwaukali chotero nthawi imeneyo, ndipo pamutu wa nyimbo ina pali liwu lathu lenileni loti khala.

Tsopano ndikudzudzule. Zimbale 31, cha kwathu kuno palibe ngakhale chimodzi! Wapita ku Cuba, ku Jamaica, ku Canada, koma Chileka imene ili pamphuno panga pano waidumpha. Allan Namoko ali kuti? Munthu wosaona uja wa ku Thyolo, ndi banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band, mawu ake okhakhala aja angayime pafupi ndi aliyense wa pakhadi pako osachita manyazi. A Kachamba ali kuti? Kwela inabadwira m'misewu ya kwanuko m'zaka za m'ma 1950, ana akuliza tizitoliro tachitsulo, koma eni ake atayamba kuiiwala, Daniel ndi Donald Kachamba ndi amene anaisunga kwa Singano ku Chileka. Evison Matafale ali kuti? Waiwala Novembala wa 2001, mmene tinaimira pa sitolo ya aPhiri titamva pawailesi kuti wafera m'manja mwa apolisi, iwe n'kukhala pansi pafumbi ndi buluku lako loyera? Kuimba 1 tinaimvera mpaka kaseti kutha mawu. Ndipo Lucius Banda anamwalirira kwanu komweko mu Juni 2024, iwe osandiimbira ngakhale kufulasha. Ndinadikira foni yako tsiku lonse. Kapena zimenezi sunaike dala, chifukwa ukazimvera uli wekha m'kachipinda kako ungayambe kulongedza? Ngati ndi choncho ndiuze, sindikuseka.

Ndagula kakhadi kanga, ndikudzaza. Ndiikamo onsewa, ndi Wambali Mkandawire, ndi anyamata awiri a Madalitso Band amene anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wa nsambo imodzi. Lamulo ndi lako lomwe lija, osadumpha. Ndipo undilembere zimene wamva, tsamba lathunthu pa chimbale chilichonse, osati mizere isanu ndi iwiri.

Pali chinthu chimodzi ndikupempha, ndipo usachite nacho chibwana. Zotseka m'makutu zija amavala anthu a m'migodi ndi m'mafakitale kumeneko, zokhala ngati mahedifoni akuluakulu koma zopanda waya, undigulire ziwiri, china cha mnyamata amene amandithandiza. Ali ndi zaka 19, ndipo dzulo ndinamuitana kawiri asanatembenuke. Panopa tikutseka ndi thonje koma ufa umalowabe ndipo phokoso silichepa kwenikweni. Usatumize kudzera kwa mlamu wako wa ku Machinjiri, zingafike Khirisimasi. Ndifunsirenso kwa anzako a kumgodi ngati nyenje imeneyi inayamba yasiyapo mwa munthu, kapena ikalowa yalowa. Undiuze zoona zake, usandinyengerere.

Usiku uno ndinayamba Amazing Grace cha Aretha Franklin, chija anajambulira m'tchalitchi ku Los Angeles mu 1972, masiku awiri, anthu ali momwemo. Umamva mabenchi, umamva amayi akufuula kumbuyo, umamva James Cleveland akulankhula ngati m'busa wa chitsitsimutso. Pali pena pamene Aretha amagwira liwu limodzi n'kulikoka, kulikoka, kwaya yonse ili chete kumudikira, ndipo ine ndinapezeka ndatseka khutu lamanja ndi chala kuti ndione ngati lamanzere lingathe kumutsatira mpaka pamene

Magetsi ayaka. Ndi 11 koloko, ndipo ndikumva kale zidebe zikugundana panja, amayi ena agona pakhonde la chigayo kudikira. Pepala nalonso latsala mzere umodzi. Moni kwa onse a kumeneko, zotseka m'makutu usaiwale.

Ndine mnzako wa pachigayo.